Telala Amene Sapita Kumudzi

Chunga, Lusaka
12 Meyi 2024

Mkazi wanga Shamsiya,

Asalamu alaikumu. Ine kuno ndadzuka bwino, kupatula chifuwa cha fumbi chimene aliyense mu Lusaka ali nacho. Kaya iwe ndi Hadiya wathu, kaya amayi ako, kaya amalume ako Che Abdulkadiri ndi bondo lawo lija.

Kalatayi ndapatsira Amayi Mwanakombo, aja amapikula zitenje ku Kamwala n'kudzagulitsa pa Ntaja. Usadandaule kuti sindiimba foni. Foni ili ndi makutu, ndipo iwe ukudziwa mmene ndinalowera m'dziko la eni, pa kabaza, kudutsa m'minda ya anthu, pasipoti ndilibe. Envulopu ndaisoka pakamwa ndi ulusi wofiira. Ukapeza ulusi wamtundu wina, kapena masokedwe okhota, udziwe kuti amayiwa ali ndi maso aatali.

Ndalama imene ili m'katimo ugule chimanga tsopano lino, usadikire kuti mavenda achikweze. Kunonso chilala chawakhaulitsa, ufa wakwera mochita kuopsa, magetsi amazima tsiku lonse. Matelala a makina amagetsi angokhala pakhonde atagwira tsaya, pamene ine ndi makina anga opalasa ndi mwendo ndikusoka. Koma zosoka za pakhonde la ku Kamwala ndi zigamba ndi zipi basi. Ndalama yeniyeni ili ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene nyumba imodzi imafuna makatani okwana kuveka mudzi wonse, ndipo kumeneko popanda Chingerezi sudutsa ndi pageti pomwe.

N'chifukwa chake ndayamba sukulu ya madzulo ku Kabwata, Lolemba ndi Lachinayi. Amaphunzitsa ndi mayi wina wachikulire, Ba Helen. Kuno ulemu wawo ndi ba, pamene ife timati a kapena che. Anali mphunzitsi wa boma, anapuma, ndipo makolo ake ndi a ku Katete koma iye anakulira m'tauni momwemuno. Amatiphunzitsira m'galaja, galimoto mulibe, muli mabenchi a ku tchalitchi kwawo.

Sabata ino tayamba kukana. Usaseke, pali phunziro lathunthu la kukana kupita, kukana kubwera ndi kukana kubwerera. Ife timangoti sindinapite, nkhani yatha. Mzungu payekha sangakane, amayamba waitana kaliwu kena kodzamugwirira chikwama, ndiye azinena kuti I did not go. Akafulumira amameza kukanako, kamangotsala kaphokoso kunsonga ya lilime, moti sudziwa ngati wati abwera kapena sabwera. Ndinauza Chabala, mnzanga wa ku Mansa amene timakhala benchi limodzi, kuti mtundu wobisa ayi wake m'tsaya ngati mwana woba shuga suyenera kukhulupiriridwa msanga. Iye anaseka, akuti ine ndimakayikira ndi mthunzi wanga womwe.

Chimene sichinandisangalatse ndi lamulo la mayiyu. Akuti chilichonse choyankha m'kalasi chikhale choona, cha moyo wako weniweni. Mawu ake anali awa:

"Mu class yanga sitikamba boza. Chizungu cha boza sichinkala pa lilime, mailo chabe waibala."

Mailo kuno ndi mawa. Munthu wofuna zoona zokhazokha kwa anthu osawadziwa, iwe umamuona bwanji?

Mbuzi ija yabanga usagulitse ngakhale atakunyengerera. Undipsompsonere Hadiya.

Mwamuna wako,
Ayuba


Chunga
23 Juni 2024

Shamsiya wanga,

Asalamu alaikumu. Ndili bwino, Alihamudulila, kuzizira kokha ndiko kwandilowa m'mafupa. Kalata yako ndinalandira, ndipo ndasangalala kuti Idi munadya bwino ndiponso kuti diresi la Hadiya linamukwana. Ukuti ulusi unali wofiira. Chabwino, koma ulusi wofiira umagulitsidwa paliponse.

Ndikuuze za ku Kabwata. Mayi uja wayamba kuonetsa mawanga ake. Poyamba mafunso anali amasewera, ngati unapita kumsika, ngati unabwera pa basi, ife n'kumakana m'Chingerezi. Kenaka anatulukira funso lamsampha. Akakufunsa kuti kodi sunapite, ife kwathu timayankha inde, kutanthauza kuti zoona sindinapite. Iwo akuti uyankhe no. Ndiye ukati inde walakwa, ukati ayi mtima ukukutsutsa, ndipo pamene ukudodomapo iye wakuyang'anitsitsa pamwamba pa magalasi. Amene anafunsidwapo ndi wapolisi akudziwa kafunsidwe kameneka.

Lachinayi lapitali anayamba kuzungulira benchi ndi benchi. Unabwera liti mu Lusaka? Sunabwererenso kwanu chibwerere? Mnyamata wina wa ku Congo anamufunsa ngati sanadutse pa boda ya Kasumbalesa, iye n'kumangoyankha mosangalala ngati ali paukwati. Chabala anandinong'oneza kuti malemu mwamuna wa mayiyu ankagwira ntchito m'maofesi a boma ku Longacres. Ofesi yanji, sakudziwa. Ine ndikudziwa kuti kumeneko sikukhala maofesi a zamasewera.

China chimene ndaona, salemba kalikonse. Aphunzitsi onse amene ndinawadziwa amalemba. Uyu amangomva kamodzi, sabata yamawa n'kukukumbutsa zimene unanena, mpaka dzina la basi. Wolemba amataya pepala, koma wosunga m'mutu ndiye woopsa.

Ukanena kuti bwanji osangosiya. Ndikasiya lero, adziwa kuti ndathawa mafunso, ndipo pakhonde pamene ndimasokera akupadziwa. Ndiye atafika pa ine ndinayankha monga amayankhira munthu wofuna kugona pamphasa yake. Ndinati ndinabadwira ku Chunga, chifukwa kumeneko kuli Asilamu ambiri amene agogo awo anachokera kwathu, palibe angadabwe ndi dzina langa. Ndinati I have never gone to Malawi, kutanthauza kuti ku Malawi sindinapondeko. Ndinati kumudzi sindipita, kumaliro akutali sindipita, mu Lusaka sindituluka. Ziganizo zonse zinatuluka zowongoka ngati msoko, mpaka anauza anzanga kuti aombe m'manja. Anafunsanso zina za pakhomo, ndinayankha mwanzeru, sizofunika kudzaza nazo pepala.

Chinyanja changa ndachisinthanso. Ndikakhala pagulu ndimati nifuna, siniziba, manje manje. Ukanandimva ukanagwa ndi phwete. Amayi Mwanakombo ndawapempha kuti akandipeza pa anthu asamandipatse moni wa kwathu.

Denga la kukhitchini lidikire kaye. Amayi ako akapitiriza kutsokomola uwatengere kuchipatala, usamvere za zitsamba za a Che Abdulkadiri.

Ine wako,
Ayuba


Kabulonga
4 Ogasiti 2024

Mkazi wanga,

Asalamu alaikumu. Taona pamwambapo pamene ndalemba malo. Mwamuna wako wasamuka, ali kumayadi, ndipo ali bwino kuposa kale. Ndikhulupirira nonse muli bwino, ndipo mankhwala amene amayi analandira akuwathandiza.

Ntchito ndaipeza kudzera mwa Ba Helen yemwe uja. Pali mzungu wina wobadwira konkuno, Ba Gilson, amene ali ndi shopu yosokera makatani ndi makhushoni kuseri kwa nyumba yake. Telala wake wamkulu anapita kumaliro kwawo n'kukhalako miyezi iwiri, maoda n'kuwonongeka. Ndiye anauza Ba Helen kuti akufuna munthu wogona pompo, wopanda maulendo. Mayiyu ananditenga yekha pa minibasi, n'kukandiimika pamaso pa mzunguyo. Zonse zimene ndinayankha m'kalasi muja anazibwereza osaphonya ndi chimodzi chomwe, kuti uyu sapita kumudzi, satuluka mu Lusaka, sayenda usiku, sachoka pa makina. Mawu amene ndinagwira bwino ndi akuti he does not go anywhere. Ba Gilson atamva zimenezo nkhope inawala ngati wapatsidwa ng'ombe.

Anafunsa chitupa, chimene kuno amati reji. Ndinati chinatayika ndipo ndikukonza china. Ba Helen anati iye akundidziwa, m'kalasi mwake mulibe wabodza. Apa ndiye mutu wanga unazungulira. Ngati ndi kazitape, akundiikiranji pabwino? Mwina akufuna ndikhale pamalo amodzi, m'kati mwa mpanda, kuti tsiku lofuna kunditenga asavutike kundisaka. Nkhuku yoti izingidwe amayamba kuipatsa madeya.

Koma malipiro ndi abwino, Shamsiya, kuwirikiza pafupifupi katatu za pakhonde, ndipo chipinda ndi chaulere, magetsi a dzuwa sazima. Ndatumiza ya malata a kukhitchini. Ugule pa Liwonde, a pa Ntaja ndi opyapyala ngati chikopa cha anyezi, ndipo mmisiri asakhale mphwake wa amalume ako, amakhoma misomali ngati akulipira yekha.

Chingerezi cha m'nyumba muno n'chosiyana ndi cha m'galaja. Anthu awa sakana maso ndi maso. Wina akawaitana kuphwando, Ba Gilson sanena kuti sindibwera, amati sindikuganiza kuti tibwera. Amakana kuganiza, kubwerako n'kukusiya poyera. Tsiku lina ndinakonzeka kukayeza mawindo ku Chelstone, iye n'kunena kuti akanakhala ine sakanapita lero. Ndinayesa akungocheza za iye mwini, ndinanyamuka. Pobwera ndinapeza nkhope ili gwa, kani linali lamulo loti ndisapite. Tsopano ndimamvetsera ndi makutu onse awiri.

Sukulu ndikupitabe, Lolemba lokha, bwana ndiye akulipira. Za kubwera kumudzi mwezi uno monga tinapangana, tiyeni tidikire kaye. Ntchito yatsopano ili ngati mbande, siisiyidwa.

Mwamuna wako,
Ayuba


Kabulonga
15 Sepitembala 2024

Shamsiya, mkazi wanga,

Asalamu alaikumu. Thupi lili bwino koma mtima ulibe mtendere chimvereni uthenga. Inna lillahi. Amayi ako anali mayi anga, ndiwo anandiloza malo omangapo nyumba pamudzi panu pamene ena ankati telala alibe tsogolo. Ndalira ndekha kuseri kwa shopu, ndipo wondipepesa panalibe chifukwa palibe amene ndikanamuuza.

Ukufunsa chifukwa chake sindinabwere kumaliro, ndiponso ngati ndibwere pa sadaka ya arobaini, masiku makumi anayi akakwana. Ndinayesa. Ndinakaima pakhomo la ofesi ya Ba Gilson chisoti chili m'manja. Atadzutsa mutu ndinazindikira kuti ndilibe poyambira. Munthu wopanda kumudzi apempha bwanji kupita kumudzi? Apongozi awatenga kuti? Ndinati ndikufuna masiku ochepa ndikaone munthu wodwala ku Chipata. Iye anaseka, n'kunena kuti koma iwe suyenda, Ba Helen anandiuza. Kenaka anati sakuganiza kuti mwezi uno aliyense achoka, pali makatani a hotela ina. Iwe ukudziwa tsopano tanthauzo la sakuganiza.

Ndatumiza ya mpunga ndi mbuzi ya sadaka. Ndikudziwa kuti ndalama siikhala pamphasa ya maliro. Uwauze amalume kuti ndapepesa, ndipo zimene akulankhula pabwalo zoti mkamwini wawo anamezedwa ndi tauni ndazimva.

Pali chinanso chikundisowetsa tulo. Ba Helen wasintha mafunso. Sakufunsanso za maulendo. Tikaweruka amandiimitsa pageti, anzanga atapita, n'kumafunsa zaka zanga, amene amandichapira, ngati ndimadya bwino, mzikiti umene ndimaswalira Lachisanu ndi dzina la shehe wake. Lolemba lapitali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti:

"Ba Ayuba, muntu sankala yeka so. Nizakonza vintu, imwe nkalani chabe zii."

Akonza zinthu zanji? Ndaunjika zovala zanga m'chikwama, chili pansi pa bedi, ndipo ndaona pamene mpanda uli wofupika kuseri kwa thanki. Ukamva kuti ndasowa usathamange kufunsa anthu, udikire Amayi Mwanakombo.

Uvale zilimbe chifukwa cha Hadiya. Ndikanakhala ndi mapiko.

Ayuba


Kabulonga
20 Okutobala 2024

Shamsiya,

Asalamu alaikumu, ngakhale iwe m'kalata yako salamu sunandipatse. Ndili moyo. Za umoyo wako sunalembe, za Hadiya sunalembe, ndipo kuyambira pamwamba mpaka pansi ukunditchula inu ngati ndine mlendo wodzagula nkhuku.

Ndiyankhe mwachindunji. Mkazi wina ndilibe, chibwenzi ndilibe, ndipo sindinatume munthu aliyense kundifunira mbeta. Koma mawu amene wamvawo ndinanenadi. Tsiku lija la mafunso mu Juni, mayi uja anandifunsa ngati sindipita kunyumba kukaona mkazi wanga. Ndikanati ndili naye, funso lotsatira likanakhala lakuti ali kuti, ndipo lotsatira lake ndi Ntaja, boda, pasipoti. Ndiye ndinati sindipita kwa mkazi chifukwa mkazi ndilibe, mwana ndilibe. Chinali chiganizo cha m'kalasi, Shamsiya, chophunzirira kukana, chonenedwa m'chilankhulo cha eni. Mumtima mwanga sichinafikemo.

Zimene Ba Helen ankati akonza zija, kani ndi zimenezi. Anapita ku Kamwala kukagula nsalu ya yunifolomu ya amayi a ku tchalitchi, n'kukumana ndi mayi wovala hijabu wooneka waulemu, n'kumufunsa ngati akudziwa mtsikana wabwino wachisilamu woti akwatiwe ndi telala wina wakhama, wosayendayenda, dzina lake Ayuba. Mu Lusaka monse muno, mwa amayi onse ovala hijabu, anakasankha Amayi Mwanakombo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga wanditsata mpaka wandipitirira, wakafika kwathu ine ndisanafike.

Koma nawonso amayiwa ndili nawo mawu. Anadziwa bwino chifukwa chimene ndimabisalira, ndinawauza ndekha. Akanabwera kwa ine kaye. M'malo mwake anakwera basi nkhani ili m'kamwa yotentha, n'kukaitula pa sadaka ya amayi ako, pamaso pa mudzi wonse. Ndikawafunsa akuti za Chunga ndinawauza, koma za kukana mkazi sindinawauze, ndipo mwamuna wokana mkazi kamodzi amakhala atayeseza kale mumtima. Ndani anawaika kukhala shehe? Ndipo ndani akudziwa ngati iwo ndi mayi wa ku Kabwata sanapangane kuti andifinye mpaka ndiulule ndekha?

Ndikudziwa zakupweteka. Ukuti akazi anzako pachitsime akukutchula kuti mkazi wa mbeta. Ndikawerenga pamenepo manyazi amandigwira mpaka ndimalephera kuloza ulusi pa singano. Koma taganiza, malata amene ali pakhitchini yako, mbuzi ya sadaka, zonsezo zinachokera m'bodza lomwelo. Ndinakukana kuti ndikudyetse.

Ndatumiza nsapato za Hadiya ndi nsalu yako ya buluu. Usazibweze.

Ndine mwamuna wako, ukonde usakonde,
Ayuba


Kabulonga
3 Novembala 2024

Mkazi wanga Shamsiya,

Asalamu alaikumu. Sindili bwino, ndisakunamize. Nsalu yabwerera, ndailandira. Nsapato wasunga, zikomo.

Mawu a amalume ako Amayi Mwanakombo andifikitsira. Akuti mawu okanidwa pagulu amabwezedwa pagulu pomwepo. Ndikaime m'kalasi momwe ndinakukanira, pamaso pa anthu omwewo, Amayi Mwanakombo ali pompo ngati mboni, ndinene kuti ndili ndi mkazi, dzina lake, ndi kumene ali. Ndikapanda kutero mwezi uno usanathe, apita kwa shehe kukapempha talaka kuti ukwati uthe, ndipo nyumba ija ndisadzaipondenso.

Che Abdulkadiri akudziwa chimene akupempha? Kutchula Ntaja m'galaja muja ndi kudzivula malaya pamsika. Mumakhala anthu amitundumitundu, wina mlamu wake ndi wapolisi, wina sindidziwa kumene amagwira. Ba Gilson akamva kuti reji sinatayike koma sinakhalepo, sangandisunge ngakhale atafuna, amaopa boma kuposa Mulungu. Ndinapempha kuti ndikamuuze Ba Helen payekha, pambali. Akana. Ndinapempha kuti ndilumbire pa Kurani ku mzikiti wa ku Chunga. Akana, akuti ku mzikiti sindinakukanireko.

Chimene ndikufuna kudziwa n'chimodzi. Mawuwa ndi a amalume okha kapena ndi akonso? M'kalata yako walemba mzere umodzi wokha, wakuti amene anandimva ndikukanidwa andimvenso ndikutchulidwa. Ndawerenga mobwerezabwereza kufuna kupezamo dzanja la amalume, koma zilembo ndi zako, ndipo kalankhulidweko ndi kako.

Mvula ikayamba usadikire ine, dzala chimanga cha m'munda wa kumtunda.

Ayuba


Kamwala
19 Novembala 2024

Shamsiya, make Hadiya,

Asalamu alaikumu. Ndili bwino. Ndikulemba nditakhala pa belo la zitenje, Amayi Mwanakombo akudikira kuti anyamuke ndi basi ya masana. Envulopu sindisoka, awerenge akafuna, zonse anaziona ndi maso awo.

Dzulo ndinapita nawo ku Kabwata. Ba Helen atawaona anasekerera, kuyesa abwera ndi nkhani ya mbeta, n'kuwapatsa mpando wake womwe. Phunziro linali litachoka pa kukana, tsopano tili pa kufotokoza nkhani zongopeka, zimene wayamba kutilola mwezi uno poti akuti lilime lalimba. Ine sindinaganizire zimenezo. Ndinaimirira n'kunena m'Chingerezi chimene ndinachiyeseza sabata yathunthu kuti ndili ndi mkazi, dzina lake Shamsiya, ali ku Malawi, ndipo ku Chunga sindinabadwireko.

Anaomba m'manja. Chabala anafuula kuti nayenso ali ndi mkazi ku Amereka, kalasi yonse n'kufa ndi phwete. Ba Helen anandikonza kaliwu kamodzi, n'kunena kuti nkhani yanga ndi yokoma, wotsatira aimirire. Ndinayang'ana Amayi Mwanakombo. Anapukusa mutu pang'onopang'ono, n'kuyamba kumanga mpango kuti azipita. Ndinali nditanama bwino kwa miyezi yonseyi moti choona chinamveka ngati sewero.

Kunena zoona, mtima wina unandiuza kuti khala pansi, wanena, mlandu suli kwa iwe, ntchito yapulumuka. Ndinafika pogwira benchi. Koma ndinaganiza za iwe pachitsime paja, ndipo ndinaimanso. Chingerezi ndinachisiya, nifuna ndi siniziba ndinazisiya, ndinalankhula monga ndimalankhulira pakhonde pako:

"Anthuni, sindikuseka. Ine ndine Ayuba wa ku Ntaja, boma la Machinga, mkamwini wa kwa Che Abdulkadiri. Mkazi wanga ndi Shamsiya, mwana wanga ndi Hadiya. Ndinalowa muno pa kabaza kudutsa m'minda, chitupa ndilibe, sindinakhalepo nacho. Apongozi anga anamwalira ine ndili pano ndikusoka makatani."

Ndinamaliza ndi Chiyao, kuwapempha Amayi Mwanakombo kuti akanene zimene amva. Mnyamata wa ku Congo uja anawerama. Mwamuna wina wa benchi lakumbuyo, amene sindinamukhulupirirepo chiyambire, anatulutsa foni n'kumaidina, kaya amalembera ndani.

Ba Helen anavula magalasi. Ndinkadikira kuti mwina aitana anthu ake, mwina akalipa. Anangofunsa ndi mawu otsika ngati maliro aja anali a mu Sepitembala, pamene ankandiona ndawonda. Nditavomera anakhala pa benchi la ophunzira, n'kunena kuti:

"Nenze kufunsa vija kuti mukambe vamene muziba, chabe. Manje ine ninayenda kuuza muzungu ati uyu sayenda ku malilo, monga ni chintu chabwino."

Analira, Shamsiya, mayi wamkulu ngati uja. Ine amene ndinamuyesa kazitape kuyambira Meyi ndinasowa poyang'ana. Ngakhale tsopano mtima wanga wokayikawu ukuti misozi imaphunziridwa, koma ndikuganiza kuti ndinamulakwira.

M'mawa uno ndinauza Ba Gilson ndekha asanamve kwa ena. Anati sakuganiza kuti ndingapitirize. Anandipatsa zanga zonse mpaka za mwezi uno, ndi lumo labwino la makatani. Makina anga akale ndagulitsa kwa telala wa pakhonde lomwe lija. Si chuma chimene ndinalonjeza pochoka, ndipo chaka chino n'cha njala, ndikudziwa. Amalume ako akhoza kuseka kuti mkamwini wabwera ndi lumo.

Amayi Mwanakombo adutsa pa boda ndi basi, afika mawa. Ine nditsikira ku Chipata, ndikafune wa kabaza wodziwa njira za m'minda, ndiye ndichedwerapo. Ndikafika ndiyamba kwa amalume, kunyumba ndibwera pokhapokha iwe utatuma Hadiya kudzanditenga.

Ngati Lachisanu lidutsa osandiona, udziwe kuti foni ya benchi lakumbuyo ija inali ndi ntchito yake, ndipo uyambe kufunsa ku Chipata. Koma ngakhale zitatero, akakufunsa pachitsime uwauze kuti ku Kabwata kuli anthu amene akudziwa dzina lako, ndipo analimva kuchokera pakamwa panga.

Mwamuna wako,
Ayuba